Chikondi ndi Zoopsa M'buku Limodzi: Kumvetsa Nkhani za Romantic Suspense

Mnzanga wina anabwera kudzandibwezera buku lomwe ndinamubwereka nkhope itakwinyika. Anati analitenga akuliyesa nkhani yachikondi, poti pachikuto panali mkazi ndi mwamuna ataima m'mbali mwa nyanja dzuwa likulowa. Koma asanapite nalo patali, m'nyanjamo munapezeka mtembo. Anangoti basi, ndiye kuti ndi nkhani ya apolisi. Atatembenuza masamba ena angapo, anapeza wapolisi wofufuza uja akukonza loko wa chitseko cha mayi woganiziridwayo, ndipo zimachita kuonekeratu kuti chamubweretsa si loko. "Ndiye buku lakoli ndi la chiyani kwenikweni?" anandifunsa. Ndinafuna kudziwa ngati analisiyira panjira. Ayi, analimaliza m'masiku awiri, tsiku lachiwirilo mpaka tambala woyamba.

Funso lakelo amafunsa ndi ambiri. Amene amasaka mabuku pa masamba a pa intaneti monga Amazon kapena Goodreads, ngakhalenso oonera timavidiyo ta owerenga pa TikTok, amakumana ndi dzina lachingerezi lakuti romantic suspense, kawirikawiri litatsagana ndi mawu onena za katauni kakang'ono ndi mbiri yobisika. Ena amaliyesa dzina longokometsera malonda. Komatu ndi mtundu wa nkhani wokhala ndi mbiri yake, malamulo ake ndi mikangano yake.

## Mawu awiri, funso limodzi

Liwu loyambalo silivuta: romantic ndi zachikondi. Lachiwirilo, suspense, ndi kukhala mtima uli dyokodyoko, ukudziwa kuti choipa chili m'njira koma osadziwa kuti chifika liti ndipo chigwera yani. Kumeneku n'kosiyana ndi kudzidzimuka. Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake wa ku France, François Truffaut, mu 1962, anasiyanitsa ziwirizi ndi chitsanzo cha bomba. Anthu awiri akucheza patebulo, bomba n'kuphulika mwadzidzidzi, oonera amadzidzimuka kwa masekondi 15, zathera pomwepo. Koma oonerawo akaonetsedwa kaye bombalo lili pansi pa tebulo, n'kudziwa nthawi yomwe liphulike, macheza wamba a anthu awiri aja amasanduka mphindi 15 zosapuma bwino. M'nkhani zomwe tikukambazi, awiri ali patebulowo angoyamba kumene kukondana, ndipo bombalo nthawi zambiri limakhala chinsinsi cha mmodzi wa iwo.

Mbali yachikondiyo ili ndi lamulo lake. Bungwe la alembi a nkhani zachikondi ku America, Romance Writers of America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, limati buku lachikondi limafuna zinthu ziwiri: chikondi chikhale pakati penipeni pa nkhani, ndipo mathero ake akhale okhutiritsa mtima ndi opatsa chiyembekezo. Owerenga amatenga zimenezi ngati pangano. Mlembi akapha mmodzi wa okondanawo patsamba lomaliza, mwina walemba buku labwino ndithu, koma si la mtundu uwu, ndipo owerenga amamva kuti apusitsidwa.

Wina angafunse kuti, ngati ndikudziwa kale kuti apulumuka ndipo akhalira limodzi, nthumanzi ichokera kuti? Ichokera pa njira yake. Wowerenga sadziwa kuti mdani ndani, sadziwa kuti chinsinsi chiululika bwanji, sadziwanso kuti awiriwa ataya chiyani asanafike tsidya linalo.

Njira yapafupi yodziwira ngati buku lili la mtundu uwu ndi kuliganizira ngati chingwe chopota ndi tizingwe tiwiri. Sololani kachingwe ka chikondi. Nkhani ikakhalabe yolimba, limenelo ndi buku la upandu lomwe angolikoleretsa ndi chibwenzi. Sololani ka zoopsa. Ikaimabe, ndi nkhani yachikondi yomwe munangodutsa wakuba. Ikamasuka mbali zonse ziwiri, ndiye romantic suspense yeniyeni. N'chifukwa chake buku ngati Gone Girl la Gillian Flynn, la mu 2012, sililowa m'gululi ngakhale ladzaza ndi za m'banja ndi zinsinsi: m'menemo chikhulupiriro chikugumuka, sichikumangidwa.

Kwa ine, tizingwe tiwirito timakumana pa funso limodzi: kodi munthu uyu ndingamukhulupirire? Wokonda amafunsa funso limeneli, wothawa imfa amafunsanso lomweli.

## Kumene zinachokera

Mizu yake ili ku England, m'nkhani zotchedwa Gothic, zomwe ndi nkhani za m'manyumba akuluakulu akale, odzaza ndi mdima, zipinda zokhoma ndi zinsinsi za eni ake. Ann Radcliffe anatchuka nazo ndi buku la The Mysteries of Udolpho mu 1794. Koma maziko omwe alembi ambiri akumangapo mpaka lero anaikidwa ndi Charlotte Brontë mu 1847. M'buku lake la Jane Eyre, mtsikana wamasiye akupita kukaphunzitsa mwana kunyumba ya mwamuna wolemera. Akukondana ndi mwini nyumbayo, koma usiku akumva kuseka kwachilendo kuchokera kuchipinda chapamwamba. Tsiku la ukwati ndi pamene akudziwa kuti mwamunayo ali ndi mkazi kale, ndipo anamutsekera kumwambako. Chilichonse chili pomwepa: mlendo, nyumba, chikondi, chinsinsi, ndi mwamuna amene sukudziwa ngati ali pothawira kapena ndiye chilombo.

Daphne du Maurier anabweretsa maganizo omwewa m'nyengo yatsopano ndi Rebecca mu 1938, nkhani ya mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna amene mkazi wake woyamba anafa imfa yosamveka bwino. Hitchcock analipanga filimu mu 1940. Du Maurier mwini wake ankati bukulo ndi la nsanje koposa chikondi, koma linatsegulira njira ambiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Victoria Holt atatulutsa Mistress of Mellyn mu 1960, mashelefu a ku America ndi ku Britain anadzaza ndi timabuku totsika mtengo tokhala ndi chikuto chofanana: mkazi atavala zogonera akuthawa usiku, kumbuyo kwake chinyumba chamdima, windo limodzi lokha likuwala. Wolemba wina, Joanna Russ, analemba nkhani younika mabukuwa mu 1973, ndipo mutu wake unkatanthauza kuti wina akufuna kundipha, ndipo ndikuganiza kuti ndi mwamuna wanga.

Amene ambiri amamutchula ngati mayi wa mtundu wamakonowu ndi Mary Stewart wa ku Britain, yemwe anayamba kutulutsa mabuku m'zaka za m'ma 1950. Iye anamutulutsa mkazi m'chinyumba chamdima chija n'kumuika pamsewu. Akazi a m'nkhani zake ndi ophunzira, amayenda okha kumaiko ena monga France ndi Greece, amayendetsa galimoto, ndipo zikavuta amaganiza n'kuchitapo kanthu m'malo mokomoka. The Moon-Spinners, la mu 1962, limachitikira pachilumba cha Crete.

Kenaka malonda anakula. Kampani ya Harlequin, yomwe inayamba ku Winnipeg m'dziko la Canada mu 1949 n'kudzagula Mills & Boon ya ku Britain mu 1971, inakhazikitsa mndandanda wa Harlequin Intrigue mu 1984, wotulutsa mabuku achikondi ndi zoopsa mwezi ndi mwezi. Alembi monga Nora Roberts, Sandra Brown ndi Linda Howard anayambira m'timabuku tifupitifupi tachikondi, n'kudzatchuka ndi mabuku aakulu okhala ndi zigawenga, apolisi ndi mitembo.

## Mlandu suola

Pamtima pa nkhanizi pamakhala zakale zomwe zakana kukwiririka. Zimabwera m'maonekedwe osiyanasiyana. Pali mkazi wothawa mwamuna wankhanza. Pali mboni yomwe inaona zosayenera kuona. Pali msilikali kapena wapolisi wopuma ntchito amene sagona tulo chifukwa cha zomwe anachita kapena zomwe analephera kuchita. Palinso mwana wa m'deralo amene anachoka zaka zambiri zapitazo mchemwali wake atasowa, ndipo wabwerera tsopano chifukwa makolo amwalira n'kumusiyira nyumba.

Mlembi waluso sanena kuti mayiyu ali ndi chinsinsi. Amationetsa. Tiyerekeze: mayi watsika basi ndi chikwama chimodzi. Chipinda walipira ndi ndalama zapamanja, khadi ya ku banki sakuigwiritsa ntchito. Kumalo odyera wasankha mpando wa pakona, msana kukhoma, maso kukhomo. Woperekera zakudya akumuitana ndi dzina lomwe wangomuuza yekha, koma iye akutenga kamphindi asanacheuke, ngati akuitana wina. Usiku wagona nsapato zili pafupi ndi bedi, zoloza kukhomo. Palibe amene watiuza kanthu, koma tadziwa kuti dzina limenelo si lake ndipo kuli wina amene akumusaka.

Kamphindi kochedwa kucheuka kaja ndiko kamene mwamuna wa m'nkhaniyo amakaona. Apa ndi pomwe msampha umatcheredwa. Kukondedwa ndi kuonedwa, kuti wina akudziwe mmene ulili. Koma kwa munthu wobisala, kuonedwa ndiyo imfa. Chimene mtima wake ukufuna ndi chomwecho chimene chingamuphetse. Akamuuza mnzakeyo zoona, wamuika pangozi, kapena mwina wadzipereka yekha m'manja mwa mdani. Akapanda kumuuza, chikondicho chaima pa bodza, ndipo tsiku lomwe bodzalo lidzaphulike adzataya zonse. M'nkhani zachikondi zambiri, cholekanitsa okondana chimakhala kusamvana komwe kukanatha atangokhala pansi n'kukambirana. Kuno kukambiranako ndiye koopsa.

Chitsanzo chodziwika ndi The Witness la Nora Roberts, la mu 2012. Mtsikana wa zaka 16 akuona anthu akuphedwa ndi gulu la zigawenga zochokera ku Russia mumzinda wa Chicago. Chitetezo cha boma chikumulephera, ndipo akuthawa yekha. Patapita zaka 12 tikumupeza akukhala kunja kwa katauni ka kumapiri a Ozark m'chigawo cha Arkansas, ali ndi dzina lina, galu wamkulu, mfuti ndi makamera ozungulira nyumba. Amene wachita naye chidwi ndi mkulu wa apolisi wa m'tauniyo, munthu amene ntchito yake ndi kufunsa mafunso.

Nkhani za mboni zobisidwa zili ndi maziko enieni. Ku America kuli ndondomeko ya boma yoteteza mboni yomwe inayamba ndi lamulo la mu 1970 lolimbana ndi magulu a zigawenga, ndipo imayendetsedwa ndi nthambi ya U.S. Marshals. Mboni imapatsidwa dzina latsopano ndi zikalata zatsopano, n'kusamutsidwira kudera lina, ndipo imayenera kudula maubale ambiri akale. Kusiyana kwa moyo weniweni ndi mabuku n'kwakuti ambiri olowa m'ndondomekoyi anali nawo m'magulu a upanduwo, pomwe m'mabuku mboniyo imakhala munthu wosalakwa amene anangopezeka pamalo oipa.

Chinsinsi chabwino m'buku chiyenera kulemera mokwanira. Wowerenga akadikira masamba mazana atatu n'kupeza kuti chobisidwacho chinali chaching'ono, amakhumudwa. Chikakhala choipitsitsa, chikhululukiro cha pamapeto sichimveka. Ndimaona kuti mabuku ambiri a mtundu uwu amapambana kapena kugwa pa muyezo umenewu.

## N'chifukwa chiyani katauni kakang'ono?

Mukaganiza mofulumira, wobisala ayenera kupita mumzinda waukulu, komwe anthu sadziwana. Alembi amamutumiza kwina, ndipo ali ndi zifukwa.

Choyamba n'chakuti katauni kakang'ono kali ndi nkhope ziwiri, ndipo nkhaniyi ikufuna zonse. Nkhope yoyamba ndi yofunda: anthu amapatsana moni, woyandikana naye nyumba amabwera kudzazonda mlendo, galimoto ikafa panjira wina amaima. Kwa munthu amene wakhala zaka akuthawa, zimenezi ndi madzi kwa waludzu. Nkhani zongotsamira pa nkhope imeneyi zilipo zambiri ndipo zimakondedwa, monga mndandanda wa Virgin River wa Robyn Carr womwe unayamba mu 2007, n'kudzaonetsedwa pa Netflix kuyambira mu 2019. Nkhope yachiwiri ndi ya maso ambiri. Aliyense akudziwa galimoto yomwe inagona pakhomo pa yani. Wogulitsa m'sitolo waona kuti mlendo wagula maloko atatu. Chisamaliro chomwecho chimene chikumuchiritsa ndi chimene chikumuvula.

Chachiwiri, tauni yaing'ono imakumbukira. Mumzinda waukulu mlandu wa zaka 20 zapitazo umangokhala pepala mu ofesi. Kuno amayi ake a mwana wosowa uja akadali m'nyumba yomweyo, amene ankaganiziridwa akadagulitsabe mafuta a galimoto pamsewu waukulu, ndipo mabanja awiri sapatsana moni kufikira lero. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Agatha Christie ankazidziwa bwino zimenezi pamene anaika Miss Marple, mayi wokalamba wofufuza milandu, m'mudzi wa St Mary Mead, kuyambira ndi buku la mu 1930, ngakhale zake zinali nkhani zofufuza wakupha, osati zachikondi.

Chachitatu ndi chiwerengero cha oganiziridwa. Anthu akakhala ochepa, wakupha ndi munthu amene tamuona kale. Tadya naye, watiseketsa, mwina ndiye anamuthandiza mayi uja kunyamula katundu tsiku loyamba. Nthawi zambiri amakhala munthu wolemekezeka, wachibale wa akuluakulu a m'tauniyo, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ambiri mwa mabukuwa amachitikira ku America, komwe m'zigawo zambiri mkulu wa apolisi a m'boma laling'ono, amene amamutcha sheriff, amasankhidwa ndi mavoti. Choncho akamafufuza banja lolemera la m'deralo, akufufuza anthu omwe anamuika pampando, anzake a kusukulu, kapena achibale a mkazi wake wakale. N'chifukwa chake mpangankhani wamwamuna m'mabuku ochuluka chotere amakhala sheriff. Udindo wake umamukokera kwina, mtima kwina, tauni yake kwinanso.

Chomaliza ndi mtunda. Thandizo lili kutali. Apolisi ndi atatu kapena anayi m'dera lalikulu. Foni sigwira kuseri kwa phiri, msewu ndi umodzi, ndipo chipale chofewa kapena madzi osefukira akautseka palibe wolowa kapena kutuluka. Chiyambireni mafoni a m'manja, alembi akhala ndi vuto lofotokoza chifukwa chimene munthu sakungoimbira apolisi. Katauni ka kumapiri kamayankha funso limeneli mosavuta. Mwa njira ina, katauniko katenga malo a chinyumba chamdima cha mu Gothic chija: ndi malo otsekeka, okongola, okhala ndi chipinda chomwe aliyense amadziwa kuti sichitsegulidwa.

## Mmene mlembi amalukira

Owerenga a mabukuwa amakonda kutchula liwu lakuti trope, lomwe ndi kachitidwe kobwerezedwabwerezedwa m'nkhani zambiri mpaka kudziwika. Sakutchula monyoza. Amasaka mabuku potengera timachitidwe tomwe amakonda, monga mmene wokonda nyimbo amasankhira chamba chake. Kotchuka kwambiri ndi kukakamiza awiri kukhala malo amodzi: nyumba ya mayi yathyoledwa, ndiye ayenera kugona kwa womuteteza. Kena ndi chibwenzi chakale chomwe chinatha chifukwa cha mlandu womwewo umene watsegulidwanso. Kena ndi kuika mwamuna wokondedwayo pamndandanda wa oganiziridwa.

Palinso chomwe achingerezi amati red herring, chizindikiro chonyenga chomwe mlembi amachiika dala kuti wowerenga aloze chala munthu wosalakwa. Lamulo losalembedwa n'lakuti mlembi asocheretse koma asaname. Wakupha akaululika, wowerenga azitha kubwerera m'mbuyo n'kuona kuti zizindikiro zinalipo, iye ndiye sanaziwerenge bwino.

Chovuta kwambiri ndi kayendedwe. Zoopsa zimafuna liwiro, chikondi chimafuna nthawi. Nkhani zambiri zimachitika m'masiku ochepa, ndiye mlembi ayenera kutikhutiritsa kuti anthu awiri angadziwane mozama m'sabata imodzi. Akalakwitsa, timapeza anthu akupsompsonana chigawenga chili pakhomo, wowerenga n'kusiya kukhulupirira. Akachita bwino, choopsa chilichonse chimaulula khalidwe. Munthu umamudziwa pamavuto: amene wabwerera kudzakutenga moto ukuyaka wakuuza zambiri kuposa amene wakhala akukulembera makalata chaka chonse.

Kodi n'zoona kuti mantha amakoleza chikondi? Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Donald Dutton ndi Arthur Aron, anachita kafukufuku wotchuka mu 1974 pafupi ndi mzinda wa Vancouver. Mtsikana ankaimitsa amuna odutsa pamlatho wa zingwe wa Capilano, womwe umagwedera ndipo uli pamwamba pa phompho la mamita pafupifupi 70, n'kuwafunsa mafunso, kenaka n'kuwapatsa nambala yake ya foni. Anachitanso chimodzimodzi pamlatho wina wotsika ndi wolimba. Amuna a pamlatho wogwedera ndiwo anamuimbira ochuluka. Ofufuzawo anati thupi likamagunda mtima ndi kutuluka thukuta chifukwa cha mantha, maganizo atha kuyesa kuti chachititsa ndi munthu amene uli naye pafupi. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, ndipo ena anamutsutsa ponena kuti amuna osankha okha mlatho woopsa angakhale olimba mtima kale. Komabe akusonyeza chimene alembi amadalira: kugunda kwa mtima wa wamantha ndi kwa wokonda kumamveka mofanana.

Pofika kumapeto, mabukuwa amakhala ndi pampondachimera pawiri. Pena chinsinsi chimaululika ndipo okondanawo amapatukana. Pena mdani amafika. Alembi ambiri amaziika motsatizana kuti mdani amupeze mayiyo ali yekha, nthawi yomwe wangotaya munthu yekhayo amene amamudalira. M'mabuku akale mwamuna ankathyola chitseko n'kumupulumutsa. M'mabuku ambiri amasiku ano, pomwe mwamunayo akufika mayiyo amakhala atamenya kale nkhondo yake, kapena ndiye akupulumutsa mwamunayo.

## Pomwe anthu samvana

Mabukuwa ali ndi owadzudzula, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amati nkhani zina zimasokoneza chitetezo ndi ulamuliro. Mwamuna amene akutsatira mkazi kulikonse, kufufuza mbiri yake mobisa, kumuletsa kutuluka ponena kuti akumuteteza, m'buku amaoneka ngwazi, pomwe m'moyo weniweni zimenezi ndi zizindikiro za nkhanza. Amadandaulanso kuti kuzunzika kwa akazi kumasandutsidwa chosangalatsa, ndiponso kuti mabala a mumtima amaonetsedwa ngati amapola msanga munthu akangopeza womukonda. Ena amati katauni ka m'mabuku n'kokometsedwa: umphawi, kusowa kwa ntchito ndi tsankho sizioneka.

Okonda mabukuwa amayankha kuti mantha omwe ali m'menemo si opeka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse anachitidwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogonana pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wochitayo amakhala mwamuna wake kapena chibwenzi chake. Funso lakuti kodi amene ndikugona naye nyumba imodzi ndi wotetezeka, akazi ambiri amalidziwa asanatsegule buku lililonse. Kwa iwo, nkhani yomwe mkazi akukhulupiriridwa, wankhanza akugwidwa, ndipo moyo ukupitirira ndi chikondi, imapereka chimene dziko silipereka kawirikawiri. Amanenanso kuti wowerenga amasiyanitsa buku ndi moyo, monga wokonda nkhani za akuba sakhala wakuba.

Janice Radway, amene anacheza ndi kagulu ka amayi owerenga nkhani zachikondi m'tauni ina ya ku America n'kulemba buku la Reading the Romance mu 1984, anapeza kuti kwa amayiwo kuwerenga kunali njira yodzipatsira nthawi yawoyawo pakati pa ntchito zosamalira ena. Iye sanagamule mbali imodzi. Anaona kuti kuwerengako kuli ndi kakuukira mkati mwake, komanso kuti kungathe kumutonthoza munthu mpaka kusasintha zomwe zikumuvuta. Mkangano umenewu ukadalipo, ndipo alembi eni ake amaumva. Mabuku ambiri atsopano amaonetsa mkazi akukana kulamulidwa, mwamuna akuphunzira kufunsa asanachite, ndi mpangankhani akupita kwa mlangizi m'malo mongochira ndi chikondi.

## Posankha loti muwerenge

Dzina limodzili limaphimba mabuku osiyana kwambiri, ndipo apa ndi pomwe owerenga atsopano amakhumudwa. Ena ali ndi zochitika za kuchipinda zofotokozedwa mosabisa, ena amatseka chitseko, ndipo ena, monga a mndandanda wa Love Inspired Suspense wa Harlequin, amalembedwera owerenga achikhristu ndipo sapyola pa kupsompsona. Nazonso zoopsa zimasiyana: kwina ndi makalata oopseza ndi mapazi akunja kwa windo, kwina ndi chigawenga chopha anthu motsatizana, zochita zake zitafotokozedwa mpaka magazi. Alembi ambiri tsopano amaika chenjezo koyambirira kwa buku kapena pa tsamba lawo la pa intaneti, lonena ngati muli nkhanza za m'banja, kugwirira kapena imfa ya mwana. Kwa munthu amene anadutsa m'zoterezi, ndi bwino kuliwerenga kaye chenjezolo. Onaninso ngati bukulo lili mbali ya mndandanda. Alembi a timatauni amakonda kulemba mabuku angapo a malo amodzi, lililonse ndi okondana ake, koma mlandu umodzi waukulu ukuyenda pansipansi mpaka buku lomaliza.

Mnzanga uja ndinamufotokozera zina mwa izi titaima pakhomo, buku lili m'manja mwake. Anamvetsera, kenaka anatsegula chakumayambiriro n'kuyamba kusaka tsamba lomwe wakupha uja anaonekera koyamba. Analipeza: munthuyo anali atabweretsa makiyi a nyumba ya lendi, n'kunena mwaulemu kuti kiyi wina wotsala amusunga yekha kuopa kuti mayiyo angadzataye wake. Mnzangayo anagwira pakamwa. Bukulo sanandibwezere tsiku limenelo.